Breaker ya kukhitchini ikamagwa kawirikawiri: phunziro lochokera m'mafamu a ku Mashonaland

CHINHOYI, Zimbabwe — M'nyumba za m'mafamu a ku Mashonaland, kuthima kwa magetsi kuli pawiri. Kwina kumachokera kutali, ku Kariba kapena ku Hwange, ndipo kumeneko munthu amangopinda manja n'kudikira. Kwina kumayambira m'nyumba momwemo: ketulo yangoyatsidwa, m'bokosi la magetsi pakhoma mwamveka kuti thaa, firiji yaleka kulira, koma babu la kuchipinda likuyakabe ndipo wailesi ya kunyumba yoyandikana ikuimbabe. Pamenepo ndiye kuti kagwa ndi kaswichi koteteza waya, kamene amisiri a zamagetsi amakatcha breaker.

Kugwa kamodzi si nkhani. Nkhani imakhalapo pamene breaker ya kukhitchini ikugwa tsiku ndi tsiku, nthawi zina nsima ili pakati pophikidwa, mpaka eni nyumba ayamba kuiona ngati chida chongowazunza. Ena amaipanikiza ndi kamtengo kuti isatsike, osadziwa kuti ma breaker amakono anapangidwa kuti azidula magetsi m'kati ngakhale chogwirira chake chitamangidwa. Ena amathamangira kusitolo ku Chinhoyi, ku Bindura kapena ku Marondera kukagula ina yokulirapo. Njira yachiwiriyi ndiyo yoopsa zedi, chifukwa imaoneka ngati yathetsa vuto.

Breaker yogwa popanda chifukwa ndi yosowa. Kawirikawiri imakhala ikunena zoona, ndipo chimene ikunenacho chimadziwika munthu akayankha mafunso awiri: chimene chagwa m'bokosimo n'chiti, nanga chagwa pa nthawi yanji?

Waya wa banja limodzi, mapoto a mabanja angapo

Kufala kwa vutoli m'madera amenewa kumachokera ku mbiri ya nyumbazo. Mafamu akuluakulu a fodya, chimanga ndi tirigu a ku Banket, Trelawney, Mvurwi, Mazowe ndi Macheke, amene kumeneko amawatcha mapurazi, anakula ndi thukuta la anthu ambiri ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. A ku Malawi anapitako m'nthawi ya atsamunda, ena wapansi, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito limene linkadziwika kuti Mthandizi, ndipo zidzukulu zawo zikulankhulabe Chichewa m'makomboni. Magetsi pa famu ankapita kumene kunali phindu: ku mapampu othirira, ku mashedi, ku nyumba ya mwini famu ndi ya manijala. Makomboni ambiri a antchito analibe.

Kuyambira m'chaka cha 2000, pamene boma la Zimbabwe linayamba kugawa mafamu mofulumira, kagwiritsidwe ntchito ka nyumbazi kanasintha. Zina zinasanduka masukulu kapena zipatala zazing'ono, m'zina munayamba kukhala mabanja angapo, lililonse ndi hotipuleti yake. Kumene magetsi anali asanafike, anthu anakoka waya kuchokera pa soketi ya nyumba yapafupi. Waya wa m'khoma, amene anaikidwa kalekale poganizira khitchini imodzi, sanawonjezeredwe mphamvu ngakhale pang'ono, koma katundu amene akusenza wachuluka.

Kampani ya ZETDC, nthambi ya ZESA yogawa magetsi, imasamalira mawaya kufikira pa mita. Kuchokera pamenepo kulowa m'nyumba ndi udindo wa mwini nyumba. Pa famu yogawidwa nthawi zina sizidziwika bwino kuti mwini bokosi la magetsi ndani, ndipo chinthu chopanda mwini sichikonzedwa.

Zida ziwiri zofanana nkhope

M'bokosi la magetsi mumakhala timaswichi tondondozana, ndipo kwa munthu wosazolowera tonse timafanana. Tambiri mwa ito ndi ma breaker wamba. Iliyonse ili ndi nambala: 5, 6 kapena 10 ya mababu, 20, 30 kapena 32 ya masoketi, ndi ina yokulirapo ya kuka. Nambalayo ndi ma amp, muyeso wa kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya. Ntchito ya breaker yotere ndi kuteteza waya kuti asapse. Siteteza munthu ku nyesi.

M'kati mwake muli misampha iwiri. Woyamba ndi kachitsulo kamene kamapindika kakatentha. Magetsi akapitirira muyeso pang'ono, kachitsuloko kamatentha pang'onopang'ono mpaka kufwamphula swichi, ndipo zimenezi zimatha kutenga mphindi zambiri. Malinga ndi muyeso wa bungwe la IEC umene opanga amatsatira, breaker ya ma amp 20 iyenera kupirira ma amp 22 kwa ola lathunthu, koma iyenera kugwa ola lisanathe ikasenza ma amp 29. Msampha wachiwiri ndi wa maginito, ndipo umagwira nthawi yomweyo pamene waya wamoto wakhudzana ndi mnzake. Breaker yokhala ndi chilembo B patsogolo pa nambala imagwa mwadzidzidzi magetsi akachuluka katatu mpaka kasanu kuposa muyeso wake. Ya chilembo C imadikira mpaka achuluke kasanu mpaka kakhumi.

Chida chachiwiri chimakhala chotambalalapo, chili ndi kabatani kolembedwa T kapena Test, ndipo m'mayiko a kum'mwera kwa Africa chimadziwika kuti earth leakage. Ntchito yake yeniyeni si kuyeza katundu, ngakhale kuti zina zimachita zonse ziwiri. Chimayerekeza magetsi olowa kudzera pa waya wamoto ndi obwerera kudzera pa waya wa neutral. Akasiyana, ndiye kuti ena akuthawira kwina: m'chitsulo chakunja cha firiji, m'khoma lonyowa, kapena m'thupi la munthu. Cha m'nyumba chimakhala cha 30 mA, kutanthauza magawo 30 okha mwa magawo 1,000 a amp imodzi, ndipo chimaloledwa kugwa kuyambira pa theka la muyeso umenewo. Chidachi chili ndi mbiri ya kuno komwe. M'zaka za m'ma 1950 katswiri wina wa ku South Africa, Henri Rubin, ndiye anapanga mtundu woyamba wotha kumva magetsi ochepa othawa, poganizira ngozi za kumigodi ya golide, migodi yomwe ija inkalemba anthu a ku Malawi kudzera ku Wenela.

Kusiyanitsa zida ziwirizi ndiko theka la ntchito. Ikagwa breaker ya masoketi a kukhitchini yokha patapita mphindi zingapo kuphika kutayamba, vuto ndi kulemera kwa katundu. Ikagwa nthawi yomweyo chipangizo chikangoyatsidwa, mwinanso ndi kuthetheka, penapake mawaya akhudzana. Ikagwa earth leakage, nyumba yonse kapena mbali yaikulu n'kuthima, magetsi akuthawa.

Masamu a ketulo

Vuto la kulemera ndi losavuta kulitsimikiza, pakuti limangofuna masamu a ku pulayimale. Pansi kapena kumbuyo kwa chipangizo chilichonse pamalembedwa mphamvu yake m'ma watt. Magetsi a m'nyumba ku Zimbabwe, monganso ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndi a ma volt pafupifupi 230. Kugawa ma watt ndi 230 kumapereka ma amp.

Ketulo ya ma watt 2,200 imakoka ma amp pafupifupi 9.6. Hotipuleti ya mbale ziwiri ya ma watt 2,500, mbale zonse zitayaka, imakoka pafupifupi 11. Simbi yamagetsi ya ma watt 1,500 imakoka 6.5. Zitatuzi zikayaka pamodzi m'mawa, tiyi akuwira, phala lili pa hotipuleti, yunifolomu ya mwana ikusitidwa, ndi ma amp 27 pa breaker ya 20. Breaker siigwa pomwepo. Imapirira kaye, kenako n'kugwa pamene ophika ayamba kuganiza kuti lero zayenda. Kuchedwa kumeneku ndiko kumasokoneza anthu, chifukwa pa mphindi imene magetsi athima palibe amene wayatsa chinthu chatsopano. Ndipo ikakwezedwa isanazizire imagwanso msanga kuposa poyamba.

Ambiri amakayikira firiji chifukwa ndi yaikulu thupi, koma firiji wamba ikamayenda bwino imakoka amp imodzi kapena kucheperapo. Wailesi yakanema, matchaja a foni ndi mababu amakono amakoka zochepa zedi. Adyera enieni ndi zipangizo zotenthetsa: ketulo, hotipuleti, uvuni, simbi, hita ya m'mwezi wa June, ndi giza.

Mankhwala oyamba ndi aulere: kusinthana nthawi, ketulo iwire kaye simbi isanayatsidwe. Pamene mabanja angapo akudalira waya mmodzi, kugwirizana za nthawi yophika kumathandiza kuposa chida chilichonse cha kusitolo. Mankhwala okhalitsa ndi akuti mmisiri akoke waya watsopano kuchokera m'bokosi, wokhala ndi breaker yakeyake. Kuka yaikulu ya uvuni siyenera kulumikizidwa pa soketi wamba n'komwe.

Pali ngozi ina imene breaker siitha kuiona. Waya wopyapyala wa ekisitenshoni akhoza kutentha mpaka kusungunuka pa ma amp 15, breaker ya 20 ili phee, popeza kwa iyo muyeso sunakwane. Pulagi ya mano atatu amakona, imene imagwiritsidwa ntchito ku Malawi, Zambia ndi m'nyumba zambiri ku Zimbabwe, imakhala ndi fyuzi yake m'kati, yosapitirira ma amp 13. Koma katundu wambiri wolowa kudzera pa Beitbridge amabwera ndi pulagi ya ku South Africa ya mano obulungira, imene ilibe fyuzi. Anthu amagula adaputala yotchipa, kapena kudula pulagiyo n'kulowetsa mawaya osavala m'soketi, kupanikiza ndi timitengo ta machesi. Polumikiza pogwedera pamatentha. Zikachitika pa sikuluwu ya breaker yeniyeniyo, kutenthako kumanyenga kachitsulo kaja, breaker n'kumagwa katundu asanafike muyeso. Fungo la pulasitiki wopserera, kapena kuda kwa m'mphepete mwa soketi, ndi chizindikiro chofunika kuzimitsa swichi yaikulu nthawi yomweyo.

Chinyezi, mphemvu ndi makoswe

Earth leakage ndiyo imatopetsa anthu kwambiri, chifukwa imagwa ngakhale katundu ali wochepa, ndipo ku Mashonaland imavuta makamaka m'nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka March. Chitsulo chotenthetsera cha ketulo, cha uvuni kapena cha giza ndi kapaipi kokhala ndi waya m'kati, ndipo pakati pa wayayo ndi kapaipiko pamakhala ufa woyera wosalola magetsi kudutsa. Ufawu umayamwa chinyezi. Kapaipi kakang'aluka kapena kumapeto kwake kukatha, chinyezi chimalowa, magetsi n'kuyamba kuthawira kuchitsulo chakunja. N'chifukwa chake uvuni imene yakhala miyezi osayatsidwa imatha kugwetsa earth leakage tsiku loyamba.

Zina ndi za tsiku ndi tsiku: madzi otayikira pa kambale kokhazikapo ketulo, msuzi wosefukira m'kati mwa hotipuleti, nthunzi ya mphika wa nyemba yokwera pa soketi, mphemvu ndi nyerere zomanga m'soketi mofundamo, makoswe otafuna waya kudenga, denga lodontha. Pa famu palinso zakunja: pampu ya m'chitsime, babu la pakhonde, waya wopita kukhola la nkhuku amene anangokwiriridwa m'nthaka.

Chovuta kumvetsa n'chakuti kuthawa kwa magetsi kumaphatikizana. Giza ikhoza kumataya pang'ono, firiji pang'ono, kompyuta pang'ono, chilichonse pachokha osakwanira kugwetsa chida. Ketulo ikawonjezera kake kochepa, muyeso wakwana. Mlandu umagwera ketulo chifukwa ndiyo yayatsidwa pomaliza, mwini nyumba n'kugula yatsopano, koma patapita sabata vuto labwereranso.

Kufufuza kumayamba ndi manja ouma ndi nsapato kuphazi. Mapulagi onse a kukhitchini azulidwe m'masoketi. Kungozimitsa swichi ya pakhoma sikokwanira, chifukwa maswichi ambiri amadula waya wamoto yekha, ndipo waya wa neutral akakhudza chitsulo m'kati mwa chipangizo amagwetsabe earth leakage ngakhale chipangizocho chili chozimitsa. Kenako chida chikwezedwe. Chikakhazikika, zipangizo zibwezeredwe chimodzichimodzi, chilichonse chiyatsidwe ndi kupatsidwa mphindi zingapo. Firiji imafuna kudekha: iyenera kudikiridwa mpaka injini yake ilire. Mafiriji ena osamanga madzi oundana ali ndi kachitsulo kotenthetsa kamene kamayaka kokha pakapita maola angapo, ndipo kameneka kakawonongeka ndiko kamathimitsa magetsi pakati pa usiku, aliyense ali m'tulo.

Chida chikakana kukhazikika mapulagi onse atazulidwa, ma breaker onse atsitsidwe, earth leakage ikwezedwe, kenako ma breaker akwezedwe imodziimodzi. Imene yagwetsa chida ndiyo ikuloza mzere wa waya wovuta, kaya wa giza, wa panja kapena wa masoketi. Pamenepa ntchito ya mwini nyumba yatha. Breaker imeneyo isiyidwe pansi mpaka mmisiri abwere. Ndipo ngati breaker ikugwa ndi phokoso nthawi iliyonse ikakwezedwa, kuikakamiza kachitatu ndi kachinayi kumangoiwotcha m'kati.

Pali nzeru ina ya m'komboni imene iyenera kutchulidwa poyera: kudula waya wa earth, wobiriwira uja, kapena wobiriwira ndi chikasu, pa pulagi ya chipangizo chovuta. Kugwa kumalekadi. Koma magetsi othawa aja sanapite kulikonse. Angokhala pa chitsulo cha hotipuleti kudikira dzanja lonyowa la wophika woponda pansi opanda nsapato.

Magetsi akabwerera usiku

Si vuto lonse limene limabadwira m'khitchini. M'chaka cha 2019 madzi atachepa ku Kariba, madera ambiri a ku Zimbabwe ankakhala opanda magetsi mpaka maola 18 pa tsiku, ndipo ankabwera usiku anthu atagona. Mu November 2022 bungwe la Zambezi River Authority linalamula kuti siteshoni ya Kariba South iyambe yaleka kupanga magetsi chifukwa madzi amene Zimbabwe inapatsidwa anali atatha. Makina awiri atsopano a ku Hwange anawonjezera ma megawatt 600 mu 2023, koma chilala cha 2024 chinabweretsanso kuthima kwa maola ambiri ku Zimbabwe ndi ku Zambia.

Kuthima kotere kumaunjika ntchito zonse pa nthawi imodzi. Magetsi akangoyaka, wina akuphika, wina akusita, wina akuwiritsa madzi, giza yozizira ikukoka mphamvu yake yonse. Komanso injini ya firiji kapena ya pampu ikamayamba imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa a nthawi zonse, ngakhale ndi kwa kamphindi chabe. Zonse zikayambira pamodzi, breaker imagwa popanda chipangizo chilichonse chowonongeka. Kuzimitsa zinthu pakhoma magetsi akangothima, n'kuziyatsa motsatizana akabwerera, kumathetsa zimenezi. Kumapewetsanso moto woyamba ndi hotipuleti kapena simbi yoiwalika ili yoyatsa.

Mafamu ambiri ali kumapeto kwa mawaya aatali. M'nyengo yozizira, pamene mapampu akuluakulu othirira tirigu akugwira ntchito, mphamvu ya magetsi imatha kutsika. Ketulo imangochedwa kuwira, koma injini ya firiji imavutika kuyamba ndipo imakoka magetsi ambiri uku ikung'ung'udza. Choopsa kwambiri ndi pamene waya wa neutral waduka kapena wabedwa pafupi ndi thiransifoma, pakuti kuba mawaya amkuwa ndi mafuta a m'mathiransifoma kwavutitsa madera a mafamu kwa zaka zambiri. Chizindikiro chake n'chakuti mababu a nyumba zina amawala mopyola muyeso pamene a nyumba zina akuzirala. Zikatero, swichi yaikulu izimitsidwe ndipo a ZETDC adziwitsidwe. Palibe chimene chingakonzedwe m'bokosi la m'nyumba. Mphenzi yogunda mawaya patali imathanso kugwetsa earth leakage kamodzi, ndipo ikakwezedwa mvula itapita n'kukhazikika, palibe mlandu.

Mamita olipiriratu, amene anayamba kufala ku Zimbabwe kuyambira 2012, nawonso amadula magetsi, mayunitsi akatha kapena katundu akapitirira malire amene anaikidwa m'mitamo. Ndi bwino kuyang'ana pa mita musanatsegule chitseko cha bokosi. Chimodzimodzi ndi inveta ya sola: yaing'ono imadzizimitsa yokha ikapatsidwa ketulo ndi hotipuleti pamodzi. Jenereta kapena inveta yolumikizidwa molakwika ikhoza kumagwetsa earth leakage nthawi zonse, kapena, choipa koposa, kuilepheretsa kugwira ntchito. Kulumikiza jenereta kudzera pa soketi, popanda swichi yosinthira, kumabwezera magetsi m'mawaya akunja ndipo kukhoza kupha wantchito amene akukonza pamtengo.

Chifukwa chake breaker yaikulu si yankho

Nambala ya breaker imasankhidwa potengera kunenepa kwa waya wa m'khoma. Waya wa 2.5 mm² amene amapita ku masoketi amatha kusenza ma amp apakati pa 20 ndi 27, malinga ndi kumene wadutsa. M'nyumba zimene zinaikidwa magetsi potsata njira ya ku Britain, masoketi amalumikizidwa mozungulira, waya n'kubwereranso m'bokosi, ndipo n'chifukwa chake pamakhala breaker ya 30 kapena 32. Kuika ya 40 pa waya mmodzi wa 2.5 ndi kuuza wayayo kuti azitentha mmene angathere. Amatenthera kudenga, pakati pa matabwa ouma ndi zisa za makoswe, kumene palibe amene akuona, ndipo pa famu wozimitsa moto amachokera kutauni. M'nyumba zakale zimene zikadali ndi mafyuzi adothi, kumanga waya wonenepa kapena msomali m'malo mwa waya wa fyuzi ndi kulakwa komweko.

Mmisiri wodziwa ntchito samayamba ndi kusintha zida. Amayeza ma amp enieni oyenda pa mzere zipangizo zitayaka, amamanga masikuluwu ogwedera, ndipo amayeza chikopa cha waya ndi makina otumiza ma volt 500; chikapezeka pansi pa megohm imodzi, wayayo kapena chipangizocho chalephera. Kumene nyumba yonse ikudalira earth leakage imodzi, akhoza kuika chida chophatikiza ntchito ziwiri, chotchedwa RCBO, pa mzere wa kukhitchini wokha, kuti ketulo yovuta isamathimitse zipinda za mabanja ena. Breaker nayonso imakalamba, makamaka imene yagwa kambirimbiri, ndipo ikatha imasinthidwa ndi ina ya nambala yomweyo.

Kabatani ka Test kaja kayenera kudinidwa pakapita miyezi ingapo iliyonse, magetsi ali oyaka. Earth leakage yabwino imagwa nthawi yomweyo. Ikapanda kugwa ndiye kuti yafa ndipo iyenera kusinthidwa, ngakhale m'nyumbamo zonse zikuyaka bwinobwino.